Wofunsa Nyumba ya Mengia

Braida ananyamuka ku nyumba ya alendo ya pamwamba pa phiri usiku utapita kale. Foni inali itabwera masana, dzuwa likadali pa nsonga za mapiri, ndipo mlongo wake Duri ankalankhula ngati munthu wothamangitsidwa.

"Utsike lero lomwe, Braida. Adokotala akuti amayi mwina safika mawa."

"Ndili ndi alendo kuno."

"Alendo! Anakubala ndi alendowo? Asiyire makiyi, sakuba phiri."

Anayankha kuti akubwera, koma sananyamuke. Anaphikira alendo ake supu wa balere, anawadulira tchizi, kenako anakhala nawo pa tebulo n'kumawafotokozera njira yopita ku nyanja yaing'ono ya kuseri kwa phiri, malo amene mbuzi zam'tchire za nyanga zazitali zimaonekera m'mamawa, ndi pamene munthu sayenera kupondapo akafika pa madzi oundana amene sasungunuka pamwamba pa phirilo. Alendowo atagona anatsuka mbale. Atamaliza anayambanso zomwe zija. Tresa, mnzake amene ankayendetsa naye nyumbayo, anachita kumulanda mbale m'manja.

"Iwe, mbale imeneyi uiboola. Vala nsapato uzipita."

Ndiye anavala jekete, anamanga tochi pamphumi, n'kuuyamba ulendo wotsikira kumudzi kwawo ku Sumbriva.

Njirayo ankaidziwa ngati khonde la kwawo. Miyendo inkangodziyendera. M'njira anayesa kufufuza chisoni mumtima mwake, monga munthu amafufuzira makiyi m'matumba, koma sanapezemo kanthu. Munali dzanzi lokhalokha. Amayi ake, a Mengia, sanali munthu wankhanza ayi. Ana awo anawadyetsa, anawaveka, anawaphunzitsa. Koma anali mayi wosaseka, wosalira, wosakumbatira mwana. Tsiku limene amuna awo anaikidwa m'manda, iwo anabwerera kunyumba n'kukayanika zofunda. Zaka zomalizirazi mutu unali utawasokonekera, moti Braida akapita kukawaona ankamufunsa ngati wabwera kudzakonza mbaula.

Anadutsa m'mphepete mwa nyanja ija. Masana alendo amajambulitsapo zithunzi chifukwa cha kubiriwira kwa madzi ake, koma usiku umenewo inali bii, ngati dzenje. Kutsidya, m'busa la m'nyengo yofunda, mabelu a m'khosi mwa ng'ombe ankalira apo ndi apo. Mphepo yochokera ku madzi oundana inkamubaya m'makutu.

Atafika pamene njira yake imakumana ndi kanjira kochokera kumtunda, mabelu aja anasiya kulira. Onse, nthawi imodzi.

Braida anaima.

Khwa... khwa... khwa...

Chitsulo pamwala. Munthu ankatsika ndi kanjira kaja, kamene kamathera pa madzi oundana basi, kamene palibe amene amayendamo usiku. Analibe tochi. Kuwala kwa pamphumi pa Braida kunagwera pa jekete laubweya lolemera, chingwe chokhuthala chokulungidwa paphewa, ndi nsapato zokhomedwa misomali kunsi. Anali mwamuna wachinyamata, wamng'ono kwa Braida ndithu. Ndevu zake zinali mbuu ndi chisanu.

Braida anaganiza kuti ndi mmodzi wa alendo aja okonda kuvala zamakedzana pokwera mapiri. Mantha sanamugwire nthawi yomweyo. Analibe poti amugwire.

"Zikomo, mayi," anatero mwamunayo.

"Zikomo. Mwachokera kuti usiku uno opanda tochi?"

"Kumtunda." Anayang'ana kumunsi. "Ng'ombe zatsika kale kumudzi?"

"Ayi. Mpaka mwezi wamawa."

"Ndiye sindinachedwe kwenikweni. Ndinamuuza kuti ndibwera ng'ombe zisanatsike."

Braida sanafunse kuti anauza ndani. Anapitiriza ulendo, mwamunayo ali pambuyo pake. Analowa m'nkhalango ya mitengo ya paini. Njira inayamba kupendekeka, mizu ili yangayanga, ndipo kutali kunkamveka mkokomo wa mathithi. Braida anapunthwa kangapo ngakhale anali ndi tochi. Mnzakeyo sanapunthwe n'kamodzi komwe.

Khwa... khwa...

Kumsana kwake kunkazizira ngati wasiya chitseko chotsegula. Anafulumiza. Mapazi aja anafulumizanso. Anachepetsa. Nawonso anachepetsa.

"Muli ndi pogona kumudziko?" anafunsa osacheuka, kuti angomva mawu a munthu.

"Ndagona mokwanira."

Anayenda. Anayendabe.

"Kumtundaku kulibe phokoso," mwamunayo anawonjeza. "Umangomva madzi akudontha. Poyamba kumazizira. Kenako kumasiya."

Apa m'pamene Braida anaona chinthu. Mpweya wotuluka m'kamwa mwake unkafuka ngati utsi pa kuwala kwa tochi. Anacheuka pang'ono, n'kuwalitsa nkhope ya mnzakeyo. Maso ake sanaphethire. Ndipo m'kamwa mwake... simunkatuluka kanthu!

Braida anafuna kuthamanga, koma thupi linakana, linangopitiriza kuyenda mayendedwe omwe aja ngati la mwini wake wina.

Anatulukira pa mlatho wa matabwa wowoloka chigwembe cha pansi pa mathithi. Madzi ankachita thovu pansi, kutali. Kutsidya kunkaoneka timagetsi ta m'mudzi ndi nsanja ya tchalitchi. Mwamunayo anabwera n'kuima pambali pake. Zovala zake zinkadontha.

"Mayi, mundithandize. Mengia akukhala kuti masiku ano? Ndimafika kwawo kumtunda kwa mudzi, ndimagogoda, koma m'nyumbamo mulibe munthu. Mawindo anakhomedwa matabwa."

"Mengia... Mengia uti?"

"Wa tsitsi lofiira. Woseka kwambiri uja. Akayamba kuseka m'tchalitchi, abusa amaimitsa ulaliki."

Si amayi anga amenewo, Braida anaganiza. Amayi anga saseka. Tsitsi lawo ndi loyera. Koma mwamunayo sankayang'ana nkhope yake. Ankayang'ana tsitsi lofiira la Braida limene linkatuluka m'mphepete mwa chipewa.

Pakamwa pa Braida panatseguka pokha.

"Kuseri kwa tchalitchi. Nyumba ya mawindo obiriwira."

"Kuseri kwa tchalitchi," anabwereza pang'onopang'ono, ngati mwana woloweza. "Zikomo, mayi."

Anamugwira pamkono. Kamphindi chabe. Kuzizira kwake kunadutsa jekete, kunadutsa khungu, kukafika pa fupa. Kenako anakwera pa mlatho. Mlatho umenewo umalira ngakhale podutsa galu, koma sunalire. Tochi inamuona akufika pakati. Inamuona akupitirira pang'ono...

Panalibe munthu!

Braida anaima pomwepo, mkono uli lende. Mathithi ankangokokoma. Kumtunda belu limodzi la ng'ombe linalira, kenako lina. Ndipo m'pamene anazindikira chimene wanena, ndi nyumba imene waloza.

Anathamanga. Matabwa analira pansi pa mapazi ake. Anagwa, anadzuka. Anadutsa mabenchi amene alendo amakhalapo poonera mathithi, anadutsa chitsime cha pakati pa mudzi. Mpanda wa manda. Mitanda. Sanayang'aneko. Anakhota kuseri kwa tchalitchi.

Chitseko cha nyumba chinali chotsegula.

Duri anali ataima m'khonde, manja ali m'mutu. M'chipinda munali azakhali awo a Nesa, msuweni wa amayi awo, nkhalamba yoyendera ndodo, atakhala pambali pa bedi. Amayi anali gone, maso atawatseka kale. Braida anawayang'ana, kudikira kuti china chake chithyoke m'chifuwa mwake. Sichinathyoke. Koma nkhope imene inali papiloyo sanaidziwe. Milomo inali yotambasuka, masaya atakwera.

"Wachedwa pang'ono chabe," anatero Duri. Mawu ake analibe mkwiyo. "Braida, amayi aseka."

"Ukuti chiyani?"

"Aseka, ndikukuuza! Chitseko chinatseguka chokha, mphepo inalowa yozizira ngati pakati pa nyengo yachisanu. Ine ndinadzuka kuti ndikatseke. Pobwerera ndawapeza atakhala tsonga, munthu amene wakhala akulephera ngakhale kudzutsa mutu. Akukonza tsitsi ndi manja. Kenako akuyang'ana pakhomo apo n'kunena kuti, 'Iwe Curdin, chitsiru iwe, ino ndiyo nthawi yobwerera?' Ndiye kuseka! Kuseka mpaka misozi. Atatha anagona, basi."

"Curdin ndani?"

Duri anapukusa mutu. Onse awiri anayang'ana a Nesa. Nkhalambayo inayankha ikusisita dzanja la malemuyo.

"Mayi wanu analetsa kuti dzina limenelo lisatchulidwe m'nyumba muno. Anali chibwenzi chake. Ukwati unali utakonzedwa kuti uchitike ng'ombe zikatsika kuphiri, diresi tinasoka ine ndi Mengia. Mnyamatayo ankaperekeza alendo okwera mapiri. Tsiku lina anatenga alendo awiri kukawawolotsa pa madzi oundana. Alendowo anabwerako. Iye anagwera mumng'alu, chingwe chinaduka. Amuna a m'mudzi muno anafunafuna mpaka chipale chofewa chinatseka njira, koma sanapeze ngakhale chipewa. Mwala wake uli m'mandamo, pafupi ndi mpanda, koma pansi pake palibe munthu."

"Ankavala jekete laubweya," anatero Braida. Mawu ake anamveka ngati akuchokera m'chipinda china. "Nsapato za misomali. Chingwe paphewa. Ali ndi kampata pakati pa mano akutsogolo."

A Nesa anasiya kusisita dzanja lija.

"Mwanawe, chithunzi chake unachiona kuti? Mayi wako anaziwotcha zonse."

"Ndatsika naye kuphiri."

Duri anakhala pansi, pa matabwa penipeni.

"Curdin anamwalira kalekale, iwe," anatero a Nesa chonong'ona. "Mayi wako akadali mtsikana, bambo wako asanabwere n'komwe m'mudzi muno." Anayang'ana pakhomo, kenako anayang'ana mawindo. "Koma chikundizunguza n'chimodzi. Masiku amenewo Mengia ankakhala kwa makolo ake kumtunda. Nyumba ino inamangidwa iye atafa kale. Wapadziwa bwanji pano?"

Braida anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi amayi ake. Anaika dzanja lake pa lawo. Sanamve kuti lozizira ndi liti.

"Anafunsa, azakhali," anatero. "Ndamulozera ndine."