Msomali m'Malo mwa Fyuzi

Nguluwe ndi zimene zinawatulutsa m'nyumba nthawi ya dzinja. Keziya, mwana wamkazi wa a Enos Zgambo, amene anakwatiwa kuseri kwa nkhalango ya Perekezi, anatuma munthu ku Mzimba kudzanena kuti chimanga chake chikutha ndipo kumudziko kulibe mfuti. A Enos mfuti anali nayo, analinso ndi Landirova yakale imene anagula kwa mzungu wina wa fodya. Chimene analibe ndi miyendo. Nyamakazi inali itawamanga mawondo, moti anali atanena kale pamaso pa anthu kuti pobwera ku ulendo umenewu, galimotoyo aisiya m'manja mwa mmodzi wa ana awo aamuna awiri.

Mmodzi uti? Funso limeneli linkamuyabwa Fanuel, mwana wamkulu, ngati chitedze. Ndi iye amene anakhala akuiyendetsa zaka zonsezi, kuikankha m'matope, kumata matayala ake. Koma mng'ono wake Yoram anali atangobwera kuchokera ku migodi ya ku Kitwe ndi bokosi la masipanala, wotchi pamkono, ndi pakamwa posatseka. A Enos ankamumvetsera mwanayo kukamwa kuli yasa, ngati akumva ulaliki.

"Adada, mitsinje yadzaza," anatero Yoram m'mawa wonyamuka. "Batire ili tilichotse kutsogoloku, likakhale kumbuyo kwa mpando, pamwamba, madzi asalipeze."

Analisamutsadi. Anakoka waya wonenepa kuchokera kumbuyoko, kudutsa pansi pa galimoto mpaka ku injini. Kenako pafupi penipeni ndi mutu wa batire anamangapo kanthu koyera kofanana ndi chala chachikulu.

"Iyi ndi fyuzi, ndinaitenga ku mgodi. Waya uyu tsopano watalika. Akakhulika n'kugunda chitsulo, batire lithira moto wake wonse m'menemo. Ndiye fyuzi ipsa yokha, magetsi n'kuduka, galimoto n'kupulumuka."

"Yayenda zaka zingati galimotoyi yopanda kanthu kakoko?" anafunsa Fanuel.

"Akulu, kale waya anali wamfupi ngati mkono wanga. Zasiyana chomene."

"Mumvere mnzako, wayenda uyu," anatero a Enos.

Fanuel analiza injini, mtima uli phuluphulu.

Pa chipata cha apayoniya anaonetsa makhadi a chipani nadutsa. Fanuel anaona kuti khadi la Yoram likutuluka m'thumba la bambo awo, pamodzi ndi lawo. Lake ankasunga yekha.

Msewu wa fumbi unatha, anayamba kutsata kanjira ka ngolo pakati pa mitengo ya misuku. Chakumasana anafika pa mtsinje. Madzi anali ofiira, akukokolola zitsa. Fanuel anavula nsapato, analowa mpaka m'chiuno kufufuza pamene pali miyala, nabwerera kudzagwira chiwongolero. Madzi anafika m'zitseko, galimoto inatsetsereka, iye anailimbira mpaka inakwera tsidya lina ikuchucha. A Enos anatembenuka, nasisita bondo la Yoram.

"Yewo, mwana wanga. Likanakhala kutsogolo batire lija, bwenzi tili m'madzi."

Kwa Keziya nguluwe anazipeza m'dambo, kumunsi kwa munda. Ana awo anawakhazika a Enos pa chulu ndi mfuti yawo, anyamata a m'mudzi akuswa tchire ndi agalu. Ziwiri zinagwa pomwepo. Yachitatu, yamphongo, chipolopolo chinangoipalasa paphewa, ndipo inabwera molunjika pa chulupo mano ali ng'aa. Yoram, mwamuna wa ku Kitwe, anapezeka ali pamwamba pa mtengo, nsapato imodzi itatsala pansi. Fanuel ndi amene anaima kutsogolo kwa bambo ake, naibaya ndi mkondo pakhosi. Tsiku lonse a Enos anaseka za Yoram ndi mtengo wake mpaka misozi, akumutchula kuti nyani wawo. Za mkondo sananenepo kanthu.

Nyama ina anamusiyira Keziya, yotsalayo anailonga kumbuyo pamodzi ndi matumba a nyemba ndi chigubu cha petulo. Galimoto inalemera mpaka kukhala pansi. Pobwerera anasiya njira ya mtsinje uja poopa kuti wakwera, nalowera ya m'mapiri yotulukira ku msewu wa Chikangawa.

Ali pakati pa nkhalango, galimoto inagunda mwala ndi mimba yake, n'kuzima zii. Kiyi anamuzunguza, osamveka ngakhale kutsokomola. Yoram anasuzumira kumbuyo kwa mpando.

"Fyuzi yapsa. Ndiye kuti waya wakhulika penapake. Titsitse katundu yense, ndiutsate mpaka ndipapeze, ndipakulunge ndi mphira."

"Ina uli nayo?" anafunsa Fanuel.

"Ndilibe. Tikapapeza pokhulikapo, mbwenu tilumikiza bwinobwino, tiyenda pang'onopang'ono."

Kum'mawa kunali kutada bii, mphezi zikung'anima pa mapiri. A Enos anati, "Timudikire Yoram, ndiye akudziwa."

Mawu amenewa ndi amene anamumaliza Fanuel. Yoram atalowa m'tchire kukadula mtengo wotukulira galimoto, iye anatsegula bokosi la zitsulo la m'galimotomo, natulutsa msomali waukulu wokhomera denga. Anazula fyuzi yakupsayo, naika msomaliwo pamalo pake, naukhomerera ndi mwala. Anazunguza kiyi. Injini inalira.

A Enos anawomba m'manja. "Eya, wamkulu ndi wamkulu ndithu. Za ku Kitwe zatha, zatsala zathu zakuno."

Kukoma kwake mawu amenewo! Fanuel anawamva mpaka m'mafupa. Yoram anabwera akuthamanga, nayang'ana msomaliwo, nkhope n'kugwa.

"Akulu, ndapota nanu, chotsani. Msomali supsa. Chipsa ndi galimoto."

"Kwera, kapena utsale ndi afisi."

Yoram anayang'ana bambo ake. A Enos anati mvula ikubwera, akwere.

Anayenda ndithu kamtunda, Fanuel akuimba mluzu. Pa chitsikiro cha miyala galimoto inapendama, katundu anakankhira mbali imodzi, ndipo kunamveka fungo la mphira wopserera. Utsi unatuluka pansi pa mpando. Waya uja anali atafiira kuyambira ku batire mpaka kutsogolo, ndipo udzu umene unakola pansi pa galimoto unayaka.

Fanuel anaimika, nazungulira kukakoka bambo ake, amene sakanatha kutsika okha. Chitseko chawo chinali chitapanikizika pa mwala. Yoram sanafunefune sipanala. Anagwira waya wofiirayo ndi manja ake awiri, napotokola, nakoka mpaka anazuka pa mutu wa batire. Kenako anakankha chigubu cha petulo kuchigwetsera kunja, manja omwewo akufuka. Fanuel anawatulutsira a Enos pa chitseko cha dalaivala. Koma moto unali utagwira kale tenti yofolera galimotoyo ndi matumba. Anaima patali akuonerera Landirova ikunyeka ndi nyama yomwe, ndipo mvula inafika itachedwa.

Panalibe amene anatchula msomali. Fanuel anang'amba malaya ake namanga manja a mng'ono wake, amene khungu lake linali litasendeka ngati mbatata yophika. Anabereka bambo ake kumsana, mfuti anaikoleka pakhosi pa Yoram, nayamba kukwera phiri.

Ulendo umenewo Fanuel sadzauiwala. Anadya bowa wowotcha ndi kachidutswa ka nguluwe kamene anakatola m'phulusa. Anagona pansi pa thanthwe, ndipo kutacha anapeza mapazi a fisi atazungulira malowo. Fisiyo anawatsata tsiku lonse, akuonekera apa ndi apo m'mitengo, chifukwa cha fungo la zilonda. Yoram anayamba kutentha thupi ndi kubwebweta. Fanuel msana unkachita ngati uthyoka, mapazi atang'ambika, koma pa khutu pake pankangomveka mawu amodzimodzi a munthu amene anamubereka: "Yoram, ukuyenda? Yoram, manja akuti bwanji? Fanuel, chepetsa liwiro, mwana akutsalira."

Anatulukira m'mitengo ya paini, ndipo lole yonyamula matabwa inawatola n'kukawatula ku chipatala ku Mzimba.

Yoram anachira, koma zala zinakhwinyata, osatambasukanso. Ku Kitwe sanabwerere. Anthu akafunsa chimene chinachitika, a Enos ankangoti galimoto inali yokalamba, ngozi ilibe mwini. A Enos sanamukalipire Fanuel ngakhale tsiku limodzi, ndipo Fanuelyo akanakonda akanamukalipira, chifukwa pokalipa akanamuyang'ana kumaso.

M'mawa wina Fanuel akuchokera kumunda, khasu lili paphewa, anawapeza awiriwo pakhonde. A Enos anali atagwira kapu ya tiyi, akuiuzira kuti izizire, kenako n'kuifikitsa pakamwa pa Yoram, dzanja lina litachirikiza chibwano chake. Ankamunong'oneza kanthu, onse awiri n'kumaseka.

Fanuel anaima pa mpanda. Chisoni anali nacho, manyazi analinso nawo, koma pansi pa zonsezo panali chinthu china chimene chinamuopsa iye mwini. Anayang'ana manja ake, athunthu, amphamvu, opanda chipsera, ndipo anasirira manja a mng'ono wake.