Bowo pa Jekete la Mkwati

M'shopu yosokeramo zovala munali utsi wokhawokha, koma a Sitima anakana kutsegula zenera. Dzinali anthu anawapatsa chifukwa ndudu sinkachoka pakamwa pawo. Anakoka fodya mwamphamvu, n'kuwerama, n'kuuzira utsi wonse kumaso kwa mlamu wawo amene ankasokerera mabatani.

"Alamu, ingonunkhizaniko. Kununkhiza si tchimo," anatero akuseka chikhakhali.

Mlamu wawoyo anangoluma kamtengo kamene ankatafuna tsiku lonse. Ulusi unakana katatu kulowa pasingano.

Zonsezi ankaziona mwana wa mlamuyo, Tsabola, mtsikana wa fomu 2, amene anadzera kushopuko kudzatenga kiyi wa kunyumba. Dzinalo linkamukhala, chifukwa pakamwa pake pankawawa.

"Malume, zenera ilo si la chithunzi. Limatseguka," anatero.

"Iwe, ndinakunyamula ukununkha mkodzo! Bambo akowa anandithawa ku bala, kundisiya ndekha patebulo ngati galu wopanda mwini. Lero ayamba kunyansidwa ndi utsi wanga? Tiona."

Bambo a Tsabola anasiya mowa miyezi isanu ndi inayi m'mbuyomo, tsiku limene mayi ake anaika masutikesi pakhomo n'kunena kuti, "Mukadzayambiranso, ine ndi mwanayu simudzationa." Fodya anali atamusiya masabata atatu okha. Ankati ndudu ndi botolo ndi mapasa: akayatsa imodzi, kukhosi kumayamba kufunsa mnzake. Pa shelefu anali ndi mabotolo awiri. Tsiku lililonse lopanda mowa ankaponya batani loyera mu lina, lopanda fodya batani lakuda mu linzake. Koma m'mawa uliwonse ankapeza ndudu itagonekedwa pa makina awo, mphatso ya a Sitima. Ankaikankhira kumbali ndi sizasi, osaigwira n'komwe.

Tsabola analumbira mumtima kuti malume akewo adzalira.

Mpata unapezeka. Sabata yonse a Sitima ankasoka jekete la mkwati wina, lotuwa ngati nkhunda, ndipo ankalionetsa aliyense wodutsa. "Ine ndasoka m'mizinda isanu, ndavekapo mabwana a mimba ngati ng'oma, koma jekete ngati ili sindinalionepo. Mkwatibwi adzakomoka!"

Lachinayi masana amuna awiriwo anapita kukagula nsalu. Kiyi wa kushopu anali pamodzi ndi wa kunyumba, choncho Tsabola analowa. Jekete lija analipeza litapachikidwa pamsomali wa pazenera. Anatenga ndudu ya pa makina a bambo ake, n'kuiyatsa. Anatsokomola mpaka misozi, chala n'kupsa, koma sanabwerere m'mbuyo. Anakanikiza moto uja pakolala mpaka panatuluka bowo lakuda ngati diso la nkhuku. Chotsalira cha nduduyo anachiponya pansi pomwepo.

"Wosuta m'shopu muno ndi mmodzi yekha," anadziuza akutseka chitseko. "Mkwati akawasenda amoyo."

Zimene sankadziwa n'zakuti misomali ya m'shopumo inali ndi eni ake. Wa kuseri kwa chitseko unali wa a Sitima. Akamaliza kusoka chovala ankachipachika pamsomali wa pazenera, ndipo kuyambira pamenepo palibe wina ankachigwira kupatula bambo ake, oika mabatani ndi kusita. Jekete lija linali m'manja mwa bambo ake chiyambire m'mawa.

Tsabola atabwera kunyumba kuchokera ku netibo, dzuwa lisanalowe, anapeza masutikesi aja ali pabalaza. Mayi ake ankapinda zovala osayang'ana munthu. A Sitima anali atakhala pampando wabwino, jekete pamwendo, botolo la mabatani akuda m'manja.

"Mlongo wanga, ndinakuuza ine," ankatero. "Jekete linali pamsomali wawo. Ndudu ya pa makina awo palibe. Ine nditatsogola kunja, iwo anatsalira m'shopu kuti akukhoma mazenera. Fisi sasintha mawanga."

"Sindinasute," anatero bambo ake motsitsa mawu.

"Munkateronso nthawi ya mowa," mayi ake anayankha. "Munkalumbira botolo lili m'thumba. Ndi pakamwa panu pomwe munati ndudu imaitana mnzake. Ine sindidikira mnzakeyo."

A Sitima anatsegula botolo lija n'kulipendeketsa. Mabatani anamwazika pasimenti, ena n'kugubudukira kunsi kwa mipando. "Yambiraninso kuwerenga, alamu."

Bambo a Tsabola anayang'ana mabataniwo nthawi yaitali. Kenako analavula kamtengo kaja, n'kutenga chipewa. Tsabola ankachidziwa chipewacho. Kale akachivala madzulo, ankabwera atanyamulidwa.

"Poti mlandu mwaugamula kale, bola ndikaupalamule," anatero akulunjika kukhomo.

Tsabola anathamanga n'kuima pakhomopo, manja atatambasula.

"Ababa, musapite. Ndine."

"Choka apo, mwana iwe."

"Ndine ndawotcha jekete! Ndimafuna kuti malume awakalipire. Onani!" Anaonetsa chala chotupa chija. Kenako anavula juzi ya sukulu n'kuwapatsa mayi ake. "Nunkhizani."

Mayi ake ananunkhiza, n'kukhala pa sutikesi.

"Unaika ndudu pakamwa pako?" bambo ake anafunsa. "Ine ndikulimbana nacho chilombochi kuti chisalowe m'nyumba muno, iwe n'kukachipsompsona chifukwa cha ine?"

"Amakuzunzani tsiku ndi tsiku, inu osayankha!"

"Kusayankhako ndiye kuyankha kwanga. Batani lililonse limawapweteka kuposa bowo lakolo."

Mayi ake anatembenukira kwa mlongo wawo. "Achimwene, nanga nduduyo inkatani pa makina a munthu woti anasiya fodya?"

A Sitima anayang'ana Tsabola, n'kuyang'ana chala chake chopsacho.

"Ndinkaika ndine," anatero pomaliza. "Tsiku lililonse."

Bambo ake anakoloweka chipewa pamalo pake. Anagwada n'kuyamba kutola mabatani, Tsabola n'kugwada pambali pawo. Anapeza makumi awiri, limodzi linasowa. Mayi ake anasuntha sutikesi n'kulipeza kunsi kwake.

"Mawa ukauza mkwati wekha zimene wachita," bambo ake anamuuza. "Ukamuyang'ane m'maso. Kolala tiisomola, tiika ina. Nsalu yotsala ilipo, eti alamu?"

"Ilipo," a Sitima anayankha ali chiweramire.

M'mawa mwake mkwatiyo anamulalatira Tsabola mpaka makutu kuwawa, anthu a m'mashopu oyandikana akumvetsera, ndipo mtsikanayo anangoima chilili. Mkwatiyo atamaliza, Tsabola anabwerera m'shopu nkhope ili yotentha ndi manyazi. Zenera linali lotsegula. A Sitima anali kunja, kuseri kwa khoma, akusuta okha chozembera. Pa makina a bambo ake, pamalo pomwe pankagona ndudu m'mawa uliwonse, panali batani lakuda.