Dzanja la pa Botolo

Panali munthu wina amene ankapanga sopo wamadzi kuseri kwa nyumba ya lendi. Sopoyo anali wabwino, wa thovu lambiri, koma ankamuthira m'mabotolo opanda dzina, ndipo anthu ankangonunkhiza n'kubwezera pa tebulo. Tsidya la msewu kunali mnzake amene anaphunzira naye ntchitoyi. Sopo wa mnzakeyo anali madzi okhaokha, koma pa botolo panali pepala lonyezimira, dzina, ndi chithunzi cha mbalame, moti masitolo ankamulimbirana. Wa sopo wathuyu akaona galimoto ikupakira katundu tsidyalo, njiru inkamudya.

Pa dziko lonse anali ndi munthu mmodzi, mlongo wake wamng'ono, amene ankamutsukira mabotolo. Makolo awo anatsikira kulichete kalekale, ndipo anzake anali atatopa naye chifukwa akatsegula pakamwa nkhani inali sopo basi. Iye ankamuitana mlongoyo kuti Kaduwa, dzina limene anamupatsa ali ana, ndipo palibe wina ankalidziwa.

Awiriwa anadzaza kope ndi mayina oti apatse sopoyo. Wosindikiza mapepala omata pa mabotolo anawauza kuti ili lili kale ndi mwini wake, ili ndi lalitali, ili silitchulika. Wa sopo atajambula dontho la madzi kuti likhale chizindikiro, mlongo wake anaseka mpaka misozi, akuti likuoneka ngati mphuno ya munthu wa chimfine. Iye sanaseke.

Tsiku lina masana anakwera masitepe a pamwamba pa shopu ya matayala, kumene kunali sing'anga wovala tayi. Sing'angayo anatembenuza botolo la sopo limene anamubweretsera m'manja osalinunkhiza n'komwe.

"Katundu wopanda dzina ndi mtembo, bambo. Akufunika dzina la munthu wamoyo amene amakukondani. Osati la pa chiphaso ayi, limene mumamuitana inu nokha. Chizindikiro chikhale chikhatho chake."

"Nanga iyeyo chimuchitikira n'chiyani?"

"Dzina likatchulidwa kwambiri limatha, ngati sopo wanuyu. Koma musaope. Mapepala sasindikizidwa musanasaine. Ine sindikakamiza munthu."

Anamupatsa ufa wakuda wosakaniza ndi inki. Wa sopo anatsika masitepe akudziuza kuti zimenezi ndi zongoopseza, ngakhale mtima wake unali utamva bwino lomwe.

Atafika kunyumba anauza mlongo wake kuti adinde chikhatho pa pepala. Mlongoyo anachita manyazi. "Achimwene, dzanja lokhakhalali ndani angalikonde?" Koma atamva kuti sopoyo atchedwa Kaduwa anasangalala, mpaka tsiku limenelo anatsuka mabotolo akuimba.

Wosindikiza anali ndi lamulo lake. Asanayatse makina ankabweretsa pepala limodzi loyesera, mwini katundu aliyang'ane, asaine pansi. Wa sopo anasaina koyamba, ndipo sabata isanathe mabotolo anatheratu. Atasaina kachiwiri analemba antchito. Kachitatu anagula nyumba ya mpanda, ndipo mnzake wa mbalame uja anatseka bizinesi.

Mlongo uja anayamba kugwetsa makapu. Ankati dzanja lamanja lachita dzanzi, ngati waligonera. Kenaka mchimwene wake akamuitana ankachedwa kutembenuka, ndipo patapita miyezi anasiyiratu. Madokotala anamuyeza zonse osapeza kanthu. Ankangokhala pa mpando wa pawindo, dzanja litafota pamiyendo. Wa sopo ankadya yekha pa tebulo la mipando khumi, ndipo kusungulumwa kwake kunaposa kwa ku nyumba ya lendi kuja, chifukwa tsopano panalibenso womuseka.

Anabwerera kwa sing'anga, nati ali wokonzeka kupereka chilichonse. Sing'angayo anamwetulira.

"Simufunika kupereka kanthu. Ingosiyani kusaina. Chimene chatsala mwa iye chikhalabe."

"Ndikasintha dzina?"

"Sinthani. Mukatsukenso mabotolo kuseri kuja."

Anakhala milungu itatu osasaina. Makina anazima, antchito anayamba kunong'onezana, ndipo mlongo wake anayamba kugwira sipuni yekha. Ndiye kunabwera uthenga wakuti masitolo akuluakulu a m'mizinda ina akufuna Kaduwa pa mashelefu awo onse. Wosindikiza anafika ndi pepala loyesera n'kuliika pa tebulo la pabalaza, cholembera pambali.

Mlongo uja anayang'ana mchimwene wake kwa nthawi yaitali, kenaka analankhula mwaulemu ngati kwa mlendo. "Bambo, simunawaoneko achimwene anga? Anati sachedwa."

Wa sopo anamva chisoni chenicheni, misozi inalengeza m'maso. Komabe anadziuza kuti kano ndi komaliza, kuti akatero amutengera kwa madokotala akunja. Anasaina. Mawa lake makina akulira, wantchito anapeza mlongoyo atazizira pa mpando paja.

Pamaliro panali anthu ochepa, ndipo ambiri mwa iwo anali antchito ake. Patapita masiku analowa mu golosale kugula madzi akumwa, ndipo mayi wina patsogolo pake anati, "Ndipatseni Kaduwa awiri, wamkulu ndi wamng'ono." Wa sopo anayang'ana pa shelefu, naona zikhatho za mlongo wake zitandandalikana mzere wonse. Anatola botolo n'kuyamba kukanda pepalalo ndi zikhadabo. Anatola lina, ndi linanso, mpaka mlonda anamutulutsa.

Sanabwererenso kuntchito. Fakitale inatengedwa ndi ena, amene akusindikizabe dzinalo. Iye amayenda sitolo ndi sitolo, zala zili magazi, matumba atadzaza mapepala okanda, ndipo alonda onse amamudziwa. Akamuthamangitsa amawachonderera kuti amusiye, akuti akutolera mlongo wake kuti apite naye kunyumba.

Umbombo umatero. Munthuyu sanapusitsidwe, anauzidwa zonse, ndipo cholembera anagwira yekha. Amene akufuna chuma cha msanga adziwe kuti chimadya munthu amene amamukonda, n'kumusiya yekhayekha.