Galasi Lachiwiri pa Khoma la Mbuya Margarida

Kwa bambo Lazalo, m'komboni ya pulazi ina ya fodya kufupi ndi Centenary, kunalibe chuma koma kunali mtendere. Tsiku linkayamba ndi pemphero, ndipo akazi awo, mayi Agnesi, sankalola mwana kutuluka m'nyumba asanapereke moni. Agogo awo a bambo Lazalo anachokera ku Dedza wapansi kudzafuna ntchito m'mapulazi, ndipo iwo eni anakula akumanga mabalani owotchera fodya. Atakalamba, anthu anayamba kuwaitanira ntchito ina. Munthu akafuna kugula nyumba, makamaka kumadambo kumene anthu amanga mothinana zaka zimenezi, ankayamba watenga bambo Lazalo kuti akaione ngati ili yolimba.

Mwana wawo Fredson anabadwa ndi mafunso m'kamwa. Ali wamng'ono ankafuna kudziwa chifukwa chake chiswe chimadya mtengo n'kusiya khungwa, chifukwa chake khoma limang'aluka mopingasa, chifukwa chake nyumba ina imanunkha chinyontho dzuwa likuswa mtengo. Mayi ake ankachita kutseka makutu, koma bambo ake ankakondwa, ndipo atangomaliza sukulu anayamba kuyenda naye.

Kumeneko Fredson anaona zodabwitsa. Bambo ake sankayamba ndi nyumba. Ankayamba ndi bwalo, kufufuza mauna a nkhanu, chifukwa pamene pali nkhanu madzi sali patali. Ankakumba dzenje m'mbali mwa maziko mpaka m'chiuno, n'kufinya dothi m'manja. Likakhala lamakande, lakuda lija, ankapukusa mutu, chifukwa makande amafufuma mvula ikagwa ndipo amang'ambika chilimwe, nyumba n'kumayenda nawo. Ankathira madzi pasimenti kuti aone kumene akuthawira. Ankakwera kudenga ndi msomali wautali, kubaya mitengo yonse umodziumodzi.

Koma chimene chinkamusangalatsa Fredson koposa chinali galasi. Akapeza mng'alu pakhoma, bambo ake ankadula kachidutswa ka galasi la pawindo, kotalika ngati chala, n'kukamata ndi simenti chopingasa pamng'alupo. Kenaka ankauza wogula kuti adikire milungu itatu.

"Mng'alu wina ndi wakufa, wina ndi wamoyo," anamuuza tsiku lina. "Wakufa ungoutseka, basi. Wamoyo ukuyendabe, ndipo uthyola galasi. Mwini nyumba akhoza kukunamiza, penti ikhoza kukunamiza, koma galasi limangothyoka."

Fredson atakwanitsa zaka makumi awiri ndi chimodzi, maso a bambo ake anachita ng'ala. Makwerero, msomali ndi bokosi la magalasi zinakhala zake. Chaka choyamba anagwira ntchito bwino ndithu, mpaka anthu ankati mwanayo waposa bambo ake. Kuyamikiridwako ndi kumene kunamuledzeretsa asanalawe n'komwe mowa.

Mowa weniweni anaudziwira pamashopu, kwa Mcloud. Uyu anali mnyamata wa pakamwa potsekemera, wogulitsa nyumba za eni ake, ndipo anali ndi kagalimoto kofiira kamene kankalira kuposa mmene kankathamangira. Iye ndiye anaphunzitsa Fredson kuti kukumba maenje ndi ntchito ya makolo, kuti masiku ano munthu amangojambula nyumba pafoni n'kulemba kapepala. Fredson anaseka tsiku loyamba. Tsiku lachiwiri anaseka pang'ono. Mwezi usanathe, piki yake inali itachita dzimbiri kuseri kwa khitchini.

Mayi Agnesi anaona. Anamuuza kuti zovala zake zikubwera zopanda dothi koma zonunkha mowa, ndiponso kuti munthu woona nyumba sabwera kwawo ali woyera choncho. Bambo ake anamufunsa kuti n'chifukwa chiyani wasiya kubwera ndi mafunso madzulo. Fredson anayankha kuti wakula, zambiri akuzidziwa kale. Mawu amenewo anawapweteka bambo Lazalo mumtima.

Mu Okutobala kunabwera agogo ena amene onse ankawatchula kuti mbuya Margarida. Anali mayi wamasiye, wa makolo a ku Tete, amene anatha zaka makumi atatu akusankha fodya m'shedi ya pulaziyo. Tsopano anali atapuma, ndipo nyumba ya m'komboni inkafunika kwa wantchito wina. Ana awo anasonkherana kuti awagulire kanyumba ka zipinda zitatu kudambo, kunjira ya ku Guruve, kuti azikakhala ndi mdzukulu wawo Chiso, kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi. Mayiwa ndi amene ankabereka Fredson kumsana mayi ake akapita kumunda wa fodya.

"Ine za nyumba sindizidziwa, mwanangu," anatero atakhala pamphasa. "Ana anga apereka zonse zimene anali nazo, kachiwiri kulibe. Ukati ndigule, ndigula. Ukati ayi, ndisiya."

Wogulitsa nyumbayo anali Mcloud, ndipo ndiye anamutengera Fredson kumeneko pa kagalimoto kake. Atangotsika, maso a Fredson anayamba okha ntchito yawo. Pabwalo panali mauna a nkhanu, ena atatsekedwa ndi mchenga watsopano. Makoma anali opentedwa kumene, koma penti ya m'munsi, kufika m'mawondo, inali yonenepa kuposa yam'mwamba. M'chipinda chogona, pakhoma lalitali loyang'ana kudambo, panali mng'alu wochokera pangodya ya windo kutsika mpaka pansi. Wina anali atautseka ndi kuupaka penti, koma unkaonekabe ngati mtsempha padzanja.

Fredson anamata galasi lake. Atanyamula piki kuti akakumbe, Mcloud anamugwira paphewa.

"Shamwari, mnzanga, dzuwa ili ukufuna kufera m'dzenje? Nyumba yaima zaka zisanu iyi. Tiye kumashopu, zozizira zikutidikira."

Piki inabwerera m'galimoto isanalawe dothi.

Mvula yoyamba inagwa mu Novembala. Patatha milungu itatu ija anabwerera, Mcloud n'kutsegula loko. Fredson analunjika kuchipinda, ndipo anaima chilili. Galasi linali litathyoka pakati penipeni, ndipo zidutswa ziwirizo zinali zitatalikirana moti kamtengo ka machesi kakanalowa. Chidutswa chimodzi chinali chitatsikako pang'ono.

Pamenepo mwana wamafunso uja anadzuka m'mutu mwake. Khomali likupita kuti? Ndi mbali iti ikumira? Pansi pa mazikowa pali chiyani, ndipo maziko enieniwo ndi akuya bwanji? Zala zake zinkachita kuyabwa kufuna piki. Akanakumba theka la ola lokha, akanadziwa zonse.

Mcloud anasuzumira n'kuseka. Anati ndi ana a m'mudzimo, amakonda kuponya miyala ndi malegeni. Fredson anayang'ana windo, ndipo linali lotseka, losasweka. Nyumbayo inali yokhoma milungu yonseyo. Anadziwa kuti ndi bodza, ndipo Mcloud anadziwa kuti wadziwa.

"Ukakana nyumba iyi, mbuya wakoyo agona kuti?" anatero Mcloud motsitsa mawu. "M'komboni akutuluka mwezi uno. Ukufuna agone pamtengo chifukwa cha kagalasi? Mata lina, ujambule, tizipita. Nyumba zonse za kuno zili ndi ming'alu, ndipo palibe wafa."

Tchimo likafuna kulowa limadziwa kuvala chifundo. Fredson anagomola zidutswa zija, anapaka simenti yatsopano pamwamba pa yakale, anamata galasi lina n'kulijambula. Mafunso aja anawameza ndi mowa madzulo omwewo.

Kunyumba bambo ake anali pakhonde. Anafunsa za galasi, iye anati lili bwinobwino. Anafunsa ngati anakumba, iye anati anakumba mpaka m'chiuno. Anafunsa mtundu wa dothi.

"Lofiira, baba."

"Lofiira? Kudambo kuja?" Bambo Lazalo anatembenuzira kwa iye maso awo oyerawo. "Dziko limadabwitsa. Ngati waona ndi maso ako, zili bwino."

Fredson anaonetsa mbuya Margarida chithunzi chija n'kuwauza kuti agule, ndipo anagula nyumbayo. Tsiku lolowa, amayi a kutchalitchi anabwera kudzapemphera, ndipo mbuyayo anaimirira pakati pawo n'kuthokoza Mulungu chifukwa cha mwana wa Lazalo. Fredson anadya sadza, nsima ya kumeneko, ndi nkhuku pabwalopo, akupewa kuyang'ana mauna a nkhanu amene anali atatsegukanso.

Mu Febuluwale mvula inagwa masiku asanu ndi anayi osalekeza. Dambo linadzaza, madzi anafika pakhonde. Lachinayi m'mawa Chiso sanapite kusukulu chifukwa anali ndi malungo, ndipo anagona m'chipinda chija. Mbuya ali kukhitchini anamva kaphokoso ngati mbale yagwa. Atalowa anaona galasi lili pansi, ndipo kudzera mumng'alu ankatha kuona chimanga cha panja. Sanaganize kawiri. Ananyamula mwanayo ndi bulangeti lomwe n'kumukankhira pakhomo. Iwo eni sanatuluke msanga. Khoma linagwera m'kati, ndipo njerwa zinawaphwanya mwendo ndi chiuno.

Uthenga unamupeza Fredson pamashopu. Mcloud anati akukathira mafuta m'galimoto, ndipo sanabwererenso. Ena amati anamuona ku Mhangura.

M'mawa mwake bambo Lazalo anavala jekete lawo n'kuuza Fredson kuti awatsogolere kudambo. Mayi Agnesi anayesa kuwaletsa, koma anakana. Anati akhala akuona nyumba zaka zambiri ndipo galasi silinawanamizepo, choncho ankafuna kudziwa chimene chachitika. Ulendo wonse m'kombi, minibasi ya kumeneko, ankangodzifunsa mokweza ngati pansi panali kasupe wobisika, kapena ngati maziko anathyoka mwadzidzidzi. Fredson ankangoyang'ana pawindo.

Atafika, nkhalambayo inagwada m'matope pamene khoma linazuka, n'kutapa dothi. Inalifinya, inalinunkhiza. Linali lamakande, lomata ngati phula. Inapempha kuti aipatse njerwa za pafupi ndi windo, ndipo inazipapasa imodziimodzi mpaka inapeza ya kachidutswa ka galasi. Chala chake chinayenda pasimenti, chinaima, chinabwerera.

"Fredson, simenti iyi ndi iwiri. Yapansi ndi ina, yapamwamba ndi ina." Mawu awo sanakwere. "Galasi loyamba linapita kuti?"

Anthu oyandikana nawo anali ataima mozungulira. Fredson anafuna bodza lina, koma linali litamuthera. Anagwa m'matopemo n'kunena zonse: za piki, za dothi lofiira, za galasi lachiwiri. Bambo ake anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati galasi linachita ntchito yake, linamuuza zoona, ndipo iye analitsekera pakamwa. Anadzuka okha, osalola kuti awagwire dzanja.

Kuchipatala Fredson anapita tsiku lachitatu. Mbuya Margarida anali atagona chagada, mwendo uli m'chikhakha, Chiso atakhala kumiyendo kwa bedi. Fredson anagwada n'kuyamba kupepesa.

"Ine sindinagule penti, mwanangu," anatero mbuyayo. "Sindinagule malata. Ndinagula mawu ako. Pamene panagona mwana uyu ndi pamene panagwa khoma. Ukanabwera lero kumaliro ake, ukanati chiyani?"



Mbuyayo anamukhululukira Fredson patapita miyezi, koma chikhululuko sichinalumikize fupa bwino ndipo sichinaimitse khoma. Nyumba inakhala bwinja, m'zipinda mwake mukulira achule. Mayi amene anagwira ntchito zaka makumi atatu kuti akhale ndi pakhomo pawo anasungidwa m'khitchini ya mnzawo wa kutchalitchi. Palibe amene anaitananso Fredson kuti akaone nyumba, ndipo dzina la bambo Lazalo, limene linali lodalirika kuchokera ku Centenary mpaka ku Guruve, linagwera pansi limodzi ndi khoma lija.

Chilimwe chitafika, Fredson anasiya mashopu. Anapala dzimbiri papiki yake, anaumba njerwa ndi manja ake, n'kuyamba kumangira mbuyayo chipinda chimodzi pamtunda, pamalo amene mpingo unapereka. Maziko anakumba mpaka m'chifuwa. Bambo ake ankakhala pampando pambali, ndipo fosholo iliyonse ya dothi inkayamba yadutsa m'manja mwawo. Sankamufunsanso mwana wawo mtundu wa dothi. Ankalikhudza okha, ndipo zimenezi zinkamuwawa Fredson kuposa matuza a m'manja.

Inu achinyamata amene mwapatsidwa ntchito yoti ena adalire maso anu, mverani. Ulesi umayamba ndi dzenje limodzi losakumba, ndipo umafuna bodza loti liukwirire, ndipo bodzalo limadzagwera munthu amene sanalakwe. Mukaona chizindikiro chakuti china chake sichili bwino, musachiphimbe, ngakhale mnzanu atakuuzani kuti mukuchitira wina chifundo. Mbuya Margarida amakhala m'chipinda chija tsopano, ndipo Lamulungu lililonse amadutsa pakhomo pa Fredson popita kutchalitchi. Amamupatsa moni bwinobwino, kenaka amapitirira pang'onopang'ono, ndodo kutsogolo, mwendo ukukwekwereza kumbuyo.