Khoko Lachitatu pa Geti la a Tackett

Loweruka, nthawi itangodutsa 6 koloko m'mawa, a Orval Tackett anatsika m'galimoto kuti atsekule geti la famu yawo. Sanalitsekule. Mfuti inalira. Woyendetsa galimoto ya mkaka ndiye anawapeza 7 koloko isanakwane, ali chafufumimba m'matope, injini ikulirabe, khofi wawo akadali wofunda m'kapu.

Sajeni Nadine Coble wa polisi ya ku Pruitt Fork anafika pasanathe mphindi makumi awiri. Sanavutike n'kufufuza. Pamsewu pomwepo, poyera, panali makoko awiri a zipolopolo. Anawatembenuza ndi cholembera. Kumatako kwake anali opakidwa utoto wofiira wa m'zikhadabo.

"Ayi ndithu," anatero chamumtima. "Osati Lorene."

Kwathu kuno munthu sataya khoko la chipolopolo. Umatola, kulitsuka, kuthiramo wonga, kuikamo chipolopolo china, basi lagwiranso ntchito. Lamulungu masana, tikaweruka kutchalitchi, timakawombera chandamale pabwalo la a Wendell Prather, kuseri kwa shopu yawo ya mfuti. Tikatha, aliyense amawerama n'kutola, ndipo khoko lililonse limabwerera kwa mwini wake. N'chifukwa chake timapaka utoto. A Wendell ndi wachikasu, Delbert Purcell wobiriwira, dokotala wa mano wabuluu, choncho. Kusunga khoko la mnzako ndi manyazi oposa kuba nkhuku. Ndipo ngakhale mwana wa sukulu amadziwa kuti ofiira ndi a mayi Lorene Baskin, mayi wamasiye amene amayendetsa basi ya sukulu.

Delbert Purcell, mkamwini wa malemuwo, anafika akuthamangitsa galimoto ngati wamisala. Anagwira chingwe cha apolisi n'kuyamba kulira.

"Apongozi anga, mayo! Wachita izi ndani?"

"Imani komweko, Delbert."

"Sajeni, ine sindifuna kuloza munthu chala. Koma mwaona utotowo?"

"Ndauona."

"Mukukumbuka za galu uja?"

Ndani akanaiwala? Mu Januwale a Orval anawombera galu wa mayi Baskin, ati amathamangitsa ana a ng'ombe. Mayiwo anawaimika pakhomo la positi, anthu ali yakaliyakali, n'kuwauza kuti, "Orval, tsiku lina udzagona m'matope ngati mmene wagonekera Biscuit wanga." Pakamwa pa Lorene sipanakhalepo ndi chitseko.

Cha m'ma 9 koloko Sajeni anali m'khitchini mwa mayi Baskin.

"Munali kuti 6 koloko, mayi?"

"Muno. Ndekha. Ukufuna umboni wa ndani, wa galu amene anandiphera?"

"Ndipatseni mfuti yanu."

Mayi Baskin anadzuka. Kenaka anakoka dilowa ya mipeni, kuseri kwenikweni, n'kutulutsa mfuti ya m'manja yokulungidwa m'kansalu kopukutira mbale. Sajeni atafutukula anangoti kukamwa yasa. Inali mfuti ya mtundu wa Harwick, koma yatsopano.

Apa m'pofunika mumve. Chilimwe chonse, pamipando ya m'shopu ya a Wendell panalibe nkhani ina koma Harwick yakale ndi Harwick yatsopano. Ena ankati yatsopano ndi yopepuka, siivuta kukoka. Ena ankati yakale ndi chitsulo chenicheni. Anthu anasiya kupatsana moni chifukwa cha nkhani imeneyi, zoona! Ndipo mtsogoleri wa gulu la yakale anali mayi Baskin. "Yatsopanoyo ndi chidole cha pulasitiki cha anthu ofooka manja," ankatero. "Ine mudzandiika m'manda ndi yakale yangayi."

"Yakale ili kuti?" anafunsa Sajeni.

"Ilibe ntchito ndi iwe."

"Mayi, munthu wafa. Makoko anu ali pambali pake. Mwaitaya mumtsinje?"

"Nadine, ndinakunyamula m'basi yanga zaka khumi, mamina ali chuu. Lero ukundifunsa ngati chigawenga?"

"Ndikukufunsani ngati wapolisi. Ili kuti?"

Mayi Baskin anangotenga chikwama chawo. 10 koloko anali m'chitokosi.

Masana dokotala wopima mtembo anaimba lamya. M'thupi la a Orval anachotsamo zipolopolo zitatu. Sajeni anayang'ana kathumba ka umboni patebulo pake. Makoko awiri. Anabwerera kuchitokosi, nakhala pabenchi pafupi ndi mayiwo.

"Mvetserani. Mukapitiriza kuuma mutu, mukafera kundende. Simudzaonanso basi yanu, kapena zidzukulu zanu. Mukubisa chiyani?"

Mayi Baskin anatambasula manja awo. Zala zinali zotupa m'mfundo, zopindika.

"Nyamakazi," anatero motsitsa mawu. "Yakale ija sindingathenso kuikoka. Ndinayesa ndi manja onse awiri, mpaka ndinalira ndekha ngati mwana. Masabata asanu apitawo ndinakaisinthitsa kwa Wendell. Analumbira kuti sauza munthu. Lamulungu ndinasiya kupita kubwalo, ndimati ndili ndi chimfine."

"Ndiye mumalolera kumangidwa chifukwa cha manyazi?"

"Iwe sukudziwa mmene amasekera a Delbert aja. Ine ndinalankhula kwambiri, Nadine. Mawu anga omwe ndiwameze pamaso pawo?"

Sajeni anamva chisoni, koma chisoni sichitsekula chitokosi. Munthu akhoza kutupa zala n'kuphabe mnzake.

3 koloko Sajeni anali m'shopu ya a Wendell Prather. Mkuluyo anatseka chitseko, natsekula bokosi lachitsulo, natulutsa Harwick yakale yokhala ndi kapepala kolembedwa dzina la mayi Baskin ndi tsiku.

"Yakhala muno masabata asanu," anatero. "Tandionetsa makokowo."

Anavala magalasi, nayandikiza khoko limodzi kuwindo.

"Ukuona kadzenje aka pakati? N'kamakona anayi. Kamsomali ka m'kati mwa mfuti yakale, koombetsa chipolopolo, kamamenya choncho. Ka yatsopano kamasiya kadzenje kozungulira. Makoko awa anatuluka m'mfuti yakale."

"Imene makiyi ake muli nawo inu."

A Wendell anavula magalasi aja pang'onopang'ono.

"Iwe mwana iwe, ukuti chiyani?"

"Ndikuti mfuti ili ndi inu. Munali kuti m'mawa?"

"Kutchalitchi, ndimakazinga mazira a chakudya cha azibambo kuyambira 5 koloko. Anthu makumi atatu anadya, kawafunse, ena akudandaulabe za mchere. Komanso taona." Anaphwasula mfutiyo ndi zala zitatu. "Ilibe kamsomali. Ndinakachotsa tsiku lomwelo, kanali katatha. Katsopano sikanafike mpaka lero. Mfuti iyi singaphe ndi ntchentche yomwe."

"Ndiye makokowa anawomberedwa kale. Wina anachita kudzawaika."

"Wina amene ankaganiza kuti Lorene akadali ndi yakale. Ndiye kuti tauni yonse, kupatula ine." A Wendell anakanda chibwano. "Koma dikira. Mu Meyi muja Lorene anatisokosera bwalo lonse. Ati anabwera ndi makumi asanu, abwerera makumi anayi ndi asanu ndi atatu. Tinafufuza mpaka m'zipewa. Tinamuseka kuti wakalamba, satha kuwerenga."

Sajeni anaika kathumba kaja m'thumba.

"Zipolopolo zinali zitatu, bambo Prather. Ngati wakuphayo anatola makoko ake n'kusiya awiriwa, mwina anatola onse. Anyamata anga asesa kumanja konse kwa pamene anaima. Palibe kanthu."

"Kumanja?" A Wendell anaseka mopanda chimwemwe. "Kumanja imalavulira ndi yakale, pafupi, mapazi awiri okha. Yatsopano ndi yamwano. Imaponya kumbuyo, kudutsa paphewa, nthawi zina mapazi khumi. Amene wangoigula kumene amataya makoko sabata iliyonse, chifukwa maso ake anazolowera kuyang'ana kumanja."

"Yatsopano mwagulitsa zingati?"

"Zitatu. Dokotala wa mano, koma ali kwa mwana wake ku Florida. Delbert Purcell, masabata awiri apitawo, atazungulira pakauntala pano miyezi itatu, ichi chakoma ichi chakoma. Ndi Lorene."

"Ndi Lorene," anabwereza Sajeni.

"Ayi, Nadine. Angaike makoko ake omwe pambali pa mtembo?"

"Munthu wochenjera angatero, podziwa kuti mudzanena zimene mwanenazi. Ndikapeza khoko lachitatu lili lofiira, kadzenje kozungulira, mayi aja kwawo kwatha."

A Wendell anangobweza mfuti ija m'bokosi.

Galimoto ya polisi inagona pageti la a Tackett. Lamulungu, dzuwa litangotuluka, Sajeni anaima pamene mapazi a wakuphayo anaonekera, natembenuka, nayamba kuwerenga mapazi chobwerera. Asanu, msewu unatha. Asanu ndi atatu, udzu wautali. Khumi, ngalande ndi zitsamba zaminga. Anagwada. Anapapasa kwa ola lathunthu, minga ikumulasa, mawondo ali chonyowa. Ankalifuna khokolo, komanso ankaliopa.

Analiona litakodwa pakati pa mizu, kukamwa kuli m'mwamba. Analowetsamo cholembera n'kulinyamula. Anapuma kaye, kenaka analitembenuza.

Kadzenje kozungulira. Utoto wobiriwira.

Sajeni anachotsa chingwe cha apolisi, natumiza galimoto kutauni. Anauza wapolisi mnzake kuti akaime palesitilanti ya pamphambano, akadye chitumbuwa, n'kuuza aliyense kuti kugeti ntchito yatha, mlandu wapezeka mwini wake. Iye anakabisala kuseri kwa mulu wa udzu wa ng'ombe.

Sanadikire nthawi yaitali. 10 koloko isanakwane, Delbert Purcell anafika atavala suti ya kutchalitchi, maluwa ali m'manja. Anawaika pageti. Sanagwade, sanavule ndi chipewa chomwe. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anayamba kupalasa udzu ndi nsapato. Kumanja.

"Mukufuna kolakwika, Delbert," anatero Sajeni akutuluka. "Yatsopano imaponya kumbuyo."

Delbert anadzidzimuka ngati waponda njoka.

"Sajeni! Ndi... ndinataya kiyi dzulo, pamene ndimalira paja."

"Kiyi wobiriwira?"

Sajeni anakweza kathumba ka pulasitiki. Nkhope ya Delbert inachita kugwa.

"Limenelo ndi lakale. Ndimawombera akhwangwala kuno kawirikawiri, funsani aliyense."

"Mfuti imene inamenya khoko ili mwakhala nayo masabata awiri okha. Ndipo apongozi anu anakuletsani kuponda pafamu pano kuyambira Isitala, pamene munabwera ndi anthu ofuna kugula malowa kuti akumbe miyala, iwo n'kukana kugulitsa. Mkazi wanu anandiuza dzulo. Manja pagalimoto."

"Koma makoko a Lorene! Munawaona nokha!"

"Ndinawaona. Anatuluka m'mfuti imene yagona m'bokosi la a Wendell masabata asanu, yopanda kamsomali."

"Bodza! Lorene sangasinthe yakale. Analumbira pamaso pa tonse!"

"Ndiye munamukhulupirira," anatero Sajeni, akumutsira unyolo.

M'galaja mwake anapeza Harwick yatsopano, ndi makoko awiri obiriwira ali m'chitini chotsukira, matope a pageti akadali m'kati. Munthu wapha apongozi ake, koma kutaya makoko awiri mumtsinje kunamukanika. Ndi mmene tilili kuno, Mulungu atikhululukire. Akatswiri a boma anatsimikiza kuti zipolopolo zonse zitatu zinachokera m'mfuti yomweyo. Delbert anaulula kuti anakonzekera kuwombera kawiri, molingana ndi makoko amene anaba mu Meyi, koma mkulu uja anakana kugwa.

Masana a Lamulungu lomwelo, pamene Sajeni ankalowetsa Delbert kupolisi, mayi Baskin anali akutuluka, chikwama chili kukhwapa. Anakumana pakhonde. Delbert anagwetsa maso.

"Tandiyang'ana," anatero mayiwo.

Sanadzutse mutu.

"Zaka zisanu ndi chimodzi wakhala ukuima kumanja kwanga pabwalo paja. Lamulungu lililonse ndinkawerama ndi msana wangawu, kutola obiriwira ako, kukuikira m'manja. Limodzi silinasowepo. Iwe unaponda anga awiri ndi nsapato, n'kuseka nawo pamene ankanditcha nkhalamba yosatha kuwerenga."

"Lorene, ine..."

"Usanditchule dzina."

Khoti linam'patsa Delbert moyo wake wonse kundende. Mlandu utatha, Sajeni Coble anapita yekha kubwalo la a Wendell, Lamulungu masana. Anapeza mayi Baskin ali pamalo awo akale, Harwick yatsopano ili m'manja, poyera, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe woyerekeza kuseka. Malo a kumanja kwawo anali opanda munthu.

Sajeni anawapatsira kathumba ka umboni. Mayi Baskin anatsekula kabokosi kawo kosungiramo makoko, ndi zala zotupa zija anaika makoko awiri ofiira m'timaenje tiwiri timene tinakhala topanda kanthu kuyambira Meyi. Kenaka anatembenukira kwa anthu onse.

"Makumi asanu," anatero. "Alipo wina akufuna kuwerenga?"