Eluby ndi Maso Obwereka

Basi ya ku Zomba inachedwa tsiku limenelo, ndipo anthu pa Namadzi anali atatopa kuitukwana. Eluby, mphunzitsi wa Sitandade 6, ankayenda uku ndi uku atakumbatira makope a ana ake.

"Achemwali, nsapato iyi mwasiyira ndani?"

Anacheuka. Mnyamata wamtali wa tayi yofiira anali atanyamula nsapato yake. Eluby anayang'ana pansi, nkuona phazi lake lamanzere lili pafumbi. Linali litachita dzanzi kuyambira m'mawa, moti sanamve kuti nsapato yavuka.

"Zikomo achimwene. Sindinamve."

"Ndiye kuti Mulungu waivula dala kuti ndidziwe dzina lanu."

Ameneyo anali Dickson, kalaliki pa esiteti ya fodya, woimba m'kwaya komanso mwana wa mkulu wa mpingo. Pakamwa pake panali potsekemera ngati nzimbe. Munali mu 1990, ndipo chaka chisanathe makalata ake anali atadzaza kabokosi ka Eluby kwawo kwa Mpama.

"Duwa la mtima wanga," inatero kalata ina, "phiri la Chiradzulu likhoza kusamuka, koma ine pambali pako sindidzasuntha."

Mtsikana wanji amene sakanasungunuka? Chinkhoswe chinachitika, a Kalinde, atsibweni ake a Eluby, ndi amene anaima ngati ankhoswe. Abusa analengeza m'tchalitchi kuti ukwati udzakhala mu Ogasiti.

Koma dzanzi lija linabweranso, ulendo uno mpaka m'bondo. Choko chinkamupulumuka m'manja. Tsiku lina anadzuka diso lamanzere lili ndi chifunga, ndipo patapita sabata anayamba kuona zinthu ziwiriziwiri. Zilembo pabolodi zinkakwerana, osawerengeka.

Ku chipatala ku Blantyre anamuyeza magazi, malungo, zonse, osapeza kanthu. Dokotala wina anati pafunika makina ojambula ubongo, koma m'dziko muno munalibe. Mwayi wake, mchimwene wake Benedicto anali khukhi kunyumba kwa dokotala wina ku Joni. Anawachonderera abwana akewo mpaka anamva chisoni. Eluby anapita, anamugoneka m'chimakina chonga mgolo, chaphokoso kuposa chigayo, kenako anabwerera kumudzi kukadikira zotsatira.

Envulopu yaikulu yakhaki inafika patatha masabata atatu. Munali zithunzi zakuda ndi kalata ya m'Chingerezi. Eluby anaiyandikiza kumaso, anaitalikitsa, anatseka diso limodzi, koma ayi ndithu. Amayi ake sukulu sanapiteko. A Kalinde ankangowerenga Baibulo la Chinyanja basi.

"Tiitane Dickson," anatero Eluby. "Maso ake ndi anga omwe."

Dickson anabwera masana omwewo. Anaima pakhomo nkukweza chithunzi chimodzi kudzuwa. Panali timitu tambiri tondandalikana, kalikonse ngati dzungu lodulidwa pakati, ndipo mwina ndi mwina munali timadontho toyera. Kenako anawerenga kalata chamumtima kwa nthawi yaitali.

"Akuti chiyani, wokondedwa? Usandibise."

"Eluby wanga, ndiyambira pati? Akuti timadontho iti ndi mabala. Ubongo wako wayamba kuola. Chaka chisanathe sudzayendanso." Anayang'ananso kalatayo. "Akutinso ukadzatenga pathupi, udzapita limodzi ndi mwanayo."

Amayi ake a Eluby anagwira kumutu nayamba kulira.

"Koma ine sindikusiya," anatero Dickson atamugwira Eluby dzanja. "Ndidzakubereka kumsana ngati khanda. Zoti ndine mwana mmodzi kwathu, zoti amayi akufuna chidzukulu, zimenezo ndipirira ndekha."

Mawu amenewo anamulasa Eluby kuposa kalata. Angamange bwanji munthu wabwino chotere ku mtembo woyenda? Analira masiku atatu, tsiku lachinayi anaitana atsibweni ake.

"Atsibweni, pitani kwa ankhoswe a Dickson mukamasule ukwati. Mukanene kuti ndafuna ndine."

"Mwana wanga, waganiza bwino? Mwamunayo sanakukane."

"Nchifukwa chake ndikumumasula."

Ku mpingo kwawo, mnyamata wothawa ukwati wolengezedwa kale ankaitanidwa ndi akulu a mpingo nkudulidwa. Koma mkazi akamasula yekha kudzera mwa ankhoswe, mwamuna ankachoka wopanda banga. Dickson anachoka choncho, anthu akumumvera chisoni nkumamutama kuti ndi mwamuna wa mtima wa Yobu. Kalata yake yomaliza inati, "Wandithyola mtima, koma ndalemekeza chifuniro chako. Sindidzakondanso wina."

Eluby anasiya ntchito. Madiresi ake abwino anagawira azisuweni, nakhala pakhonde kudikira tsiku limene miyendo idzamukane.

Tsikulo silinabwere. M'malo mwake, mvula yoyamba itagwa, chifunga chija chinayamba kuyera. Dzanzi linatsika nkutsalira ku zala zokha. Lachitatu lina anatola pepala limene anakulungira sopo kugolosale, nkupeza kuti akuwerenga bwinobwino. Anasangalala pang'ono, kenako mantha anamugwira. Anafuna aone ndi maso ake chiweruzo cha imfa yake. Anatulutsa envulopu ija pansi pa sutikesi.

Anawerenga kamodzi, anabwerezanso. Anafunafuna mawu oti kuola, sanawapeze. Za chaka chimodzi munalibe. Za pathupi munalibe ngakhale liwu limodzi.

M'mawa mwake anapita ndi zithunzizo kwa a Salimu, dokotala wachikulire wa pa chipatala cha mishoni, kuti mwina Chingerezi chake chamunamiza.

"Mwawerenga molondola, aphunzitsi," anatero a Salimu ataunika zithunzizo pawindo. "Akuganizira matenda otchedwa multiple sclerosis. Mitsempha yathu ili ndi chikopa chake, ngati waya wamagetsi. Timadontho iti tikhoza kukhala malo amene chikopacho chasupuka, nchifukwa chake uthenga umasokonekera popita kudiso kapena kuphazi."

"Ndiye ndili nawo?"

"Akuti akukayikira chabe. Timadontho totere timabweranso ndi zinthu zina, ndipo matendawa kuno kwathu ngosowa. Chithunzi pachokha sichigamula mlandu. Akufuna ayeze madzi a pamsana, aone ngati zizindikiro zibwerenso, ndipo adzakujambuleninso pakatha chaka."

"Nanga akapezeka?"

"Sindikunamizani, alibe mankhwala ochiziratu. Amabwera nkupita, monga mwaonera ndi maso anuwa. Ena amawafoola msanga, koma ambiri amakhala zaka ndi zaka akugwira ntchito, amakwatiwa, amabereka. Anakuuzani zoola ubongo ndani?"

Eluby anachita manyazi, ngati wonamayo ndi iye.

Lamulungu lotsatira anapita kutchalitchi koyamba m'miyezi inayi. Abusa analengeza ukwati wa Dickson ndi Mervis, mwana wa kapitawo wa pa esiteti paja. Mervis anaimirira atadzikulunga chitenje mpaka pachifuwa, koma amayi a m'tchalitchi saphonya zotere. Wina kumbuyo ananong'ona kuti mimbayo yakwana miyezi isanu ndi umodzi. Eluby anawerenga miyezi ndi zala. Envulopu ya ku Joni inali isanafike nkomwe!

Anapempha a Kalinde kuti aitane ankhoswe a mbali zonse. Anakhala pansi pa mtengo wa mango kwa Mpama, Dickson ali pakati, tayi ili pakhosi monga mwa masiku onse.

"Bambo Dickson," anatero Eluby, ndipo ulemu umenewo unamudzidzimutsa mnyamatayo, "tatiwerengereninso kalata ija. Akuluakuluwa amveko."

Dickson anailandira, anaiyang'ana, nkuyang'ana maso a Eluby amene tsopano ankamupenya dwii. Thukuta linayamba kutsika m'masaya.

"Eluby, duwa langa, tikambirane awiri."

"Werengani."

"Ndinachita mantha, Eluby. Za Mervis zinali zitachitika kale. Akanandidula mu mpingo, bambo anga akanayenda bwanji pamaso pa anthu?"

"Ndiye munaona kuti kuli bwino mundiike m'manda ine? Miyezi inayi ndakhala ndikulira maliro anga omwe. Ntchito ndinasiya. Amayi anga aonda chifukwa cha inu. Ndinakubwerekani maso, Dickson, chifukwa anga anali atafa."

Anamulanda kalatayo nkuyamba kuimasulira yekha m'Chinyanja, mzere ndi mzere, osaima. Nkhoswe ya Dickson inavula chipewa nkuzolika. Amayi ake a Eluby ankalira mwakachetechete, osadziwa ngati akulira chimwemwe kapena mkwiyo.

Atamaliza, a Kalinde anakhosomola. "Ukwati uja tinamasula chifukwa cha bodza. Mwambo ukutilola kukauza abusa kuti aimitse wa Mervis, wako ubwerere. Ukuti bwanji, mwana wanga?"

Eluby anayang'ana Dickson. Ankamukondabe, ndipo chimenecho ndicho chinkamupweteka koposa. Anapinda kalata ija bwinobwino nkuibwezera mu envulopu.

"Ayi atsibweni, musiyeni akalere mwana wake. Matendawa kaya ndili nawo kaya ndilibe, ndidikira madokotala andiuze. Koma zimene zili m'mutu mwa bambowa, sipafunikanso makina a ku Joni kuti ndizione."