Lonjezo la pa Chimkuzamawu

Atelala atafika pashopu m'mawa anapeza amisiri akukhoma zikhomo, chingwe chitazungulira nyumba yonse. Shopuyo inagundana ndi holo ya m'deralo. Anawasiyira ndi malemu bambo awo, pamodzi ndi makina awiri akale osokera.

"Kodi mwasokera?" anafunsa.

"Ayi, mayi. Pano pabwera laibulale ya holo. Amuna anu anapereka malowa dzulo pamsonkhano wosonkha ndalama. Pa chimkuzamawu, aliyense akumva."

Dzulo lakelo Atelala anali pamakina, kusoka makatani a holo yomweyo mwaulere.

Kunyumba anapeza amuna awo, wapampando wa komiti ya holo, akumwa tiyi ndi mayi awo, apongozi a Atelala. Bamboyu anali ndi matenda amodzi: akagwira chimkuzamawu, pakamwa pankathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

"Mwapereka shopu ya bambo anga?"

"Khalani pansi kaye, mayi a mwana. Wamagolosale analonjeza simenti, wachigayo malata. Ine wapampando ndikanangokhala duu?"

"Osandifunsa n'komwe? Sukulu ya ana imachokera pamakina aja. Jekete munavala dzulo ija ndinasokera momwemo!"

Apongozi anaika kapu pansi. "Mwana wanga anawomberedwa m'manja ndi anthu onse. Mukufuna akabweze mawu ngati kamwana? Za m'banja zilibe mwini. Mudzasokera pakhonde."

"Inu munalipo, amayi?"

"Ndine ndinamuuza."

Mawuwa anawabaya kuposa zikhomo zija. Mayi ameneyu, iwo ndiwo anamusamalira chaka chathunthu atathyoka mwendo, kumusambitsa ndi kumudyetsa. Atelala analowa kuchipinda, namenyetsa chitseko, nalira mpaka maso kutupa.

Loweruka kunali mwambo woyala mwala wa maziko. Wapampando atatha kulankhula, Atelala anapempha chimkuzamawu. Apongozi anamwetulira, poganiza kuti mpongozi wagonja.

"Abale, amuna anga analakwitsa pang'ono," anatero. "Shopu ija ndi yanga, ndipo siikupita kulikonse. Laibulale mumange kuseri kwa holo, malo alipo. Koma popeza kwathu mwambo ndi woperekerana katundu, ine m'dzina la banja ndikupereka galimoto ya awapampando. Muigulitse, mugule njerwa ndi mabuku."

Holo yonse inaphulika ndi m'manja. Wachigayo anakwera pampando akuimba mluzu. Msungichuma anali atatambasula kale dzanja.

"Mayi a mwana, chonde," wapampando ananong'ona, thukuta lili kamukamu. "Tikakambirane kunyumba."

"Kunyumba? Inu munakambirana ndi ndani?"

Bamboyo anayang'ana mayi ake, mayi ake anayang'ana pansi. Kukana pamaso pa anthu amene anamutamanda kunali kosatheka. Anapisa m'thumba, natulutsa makiyi, ndipo anthu anawomba m'manja kachiwiri.

Panja apongozi anawatsekera njira Atelala. "Mwatichititsa manyazi! Ndinu mkazi wanji inu?"

Atelala anapukuta misozi. Mumtima munalibe chimwemwe, munali bala lokhalokha.

"Ndine yemwe uja munkamuitana mukafuna kutembenuzidwa pabedi. Kuyambira lero ndizigona kushopu ndi ana. Mwana wanu mumusamale."

Ananyamuka osacheuka. Apongozi anaima pageti kudikira wowatengera kunyumba, koma galimoto inali italembedwa kale mtengo pagalasi.